Nyale ya Buluu pa Mlatho wa Matabwa

Mkazi wanga Edith NyaLongwe anafa Lolemba m'mawa, mwezi wa Febuluwale, chaka cha 1957, pa mlatho wa matabwa umene ndinakhoma ndi manja angawa. Ine ndine Jobe Thole, mmisiri wa matabwa. Mudzi wathu uli pakati pa Chintheche ndi Kande, ndipo mseu wa boma umawoloka kamtsinje kamene amayi amaviikamo chinangwa.

Tsiku limenelo anadzuka kusanayere bwino, anapita ndi mnzake Margaret NyaMhone kukavuula chinangwa cha kondowole. Mvula imawaza, nkhungu ili mbuu. Pobwerera, dengu lili pamutu, ali pakati pa mlatho, galimoto inatulukira kuchokera kumwera ili pa liwiro. Inamugunda n'kumuponyera pa miyala ya pansi. Siinaime.

Pa mlathowo panali chikwangwani mbali zonse ziwiri, chonena kuti galimoto iime kaye, kenako iwoloke pang'onopang'ono ngati munthu wapansi. Ngakhale osadziwa kuwerenga amadziwa zimene chimanena, ndiye anthu amawoloka opanda mantha.

Amene anaona onse ananena chinthu chimodzi, kuti pamwamba pa galimotoyo panali nyale ya buluu. Dera lathu lonse galimoto ya nyale ya buluu inali imodzi basi, ya apolisi a ku boma. Zaka zimenezo munthu ukaona nyale imeneyo umangolowa m'tchire, suyang'ana kawiri.

Tinaika maliro Lachiwiri. Kumanda anthu amanong'onezana kuti mlanduwu watha usanayambe, munthu sangakasumire apolisi kupolisi. Ine sindinalire. Ndimangoganiza kuti Lachisanu lililonse galimoto imeneyo imadutsa pa mlatho wanga kupita kumwera.

*

Lachitatu kunabwera wapolisi mmodzi pa njinga, matope mpaka m'mawondo. Dzina lake Kopolo Mathews Dzimbiri, wa ku Ntcheu, munthu wamfupi, wolankhula pansipansi. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anavula chipewa, anakhala pa mphasa pakati pa azibambo. Palibe anamupatsa moni. Kenako anapepesa maliro, n'kufunsa ngati alipo womumasulira, poti Chitonga chake chimathera pa "yewo", zikomo wa kwathu.

Odziwa Chinyanja analipo ambiri, amuna a kwathu anayenda kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, koma onse anayang'ana pansi. Ndinaimirira ndine. Ndimafuna ndimve mmene ati anamire.

Panjira anandiuza kuti iyenso atamva za nyale ya buluu anayamba wakayikira dalaivala wawo, Isaac. Koma galimoto yawo inali pa miyala kuyambira Loweruka, chitsulo cha kunsi chitathyoka, mateyala awiri ochotsa. Anati analowa yekha kunsi kwake kukaona, n'kupeza nkhuku ya mkazi wa sajeni itaikira mazira atatu pamenepo.

"Ndiye nkhukuyo mwailemba kale umboni?" ndinamufunsa.

"Ikanadziwa kulankhula ndikanabwera nayo, bambo Thole. Mwina inu mukanaikhulupirira kuposa ine."

Sindinaseke.

Tinayamba ndi ama NyaMhone. Tinawapeza akuyanika chinangwa pa thandala, maso otupa. Mayi amenewa akayamba kulankhula womasulira umatuluka thukuta. Anayambira pa tsiku limene anadziwana ndi mkazi wanga ali atsikana, anadutsa pa ukwati wathu, pa mwana wathu amene anamwalira ndi chikuku, ndipo Kopolo sanawadule. Atafika pa Lolemba anati iwo anatsalira m'mbuyo akukonza nkhata pamutu, asanaponde mlatho. Anangoona buluu m'nkhungumo, akugwedera uku ndi uku ngati woledzera, iwo n'kudziponya m'bango.

Kopolo anafunsa ngati anamva belu. Anati ayi. Anafunsanso, kuti mwina mvula inawatseka makutu.

"Muwauze a Kopolowa kuti ine belu la tchalitchi ndimalimva ndili kumunda kuphiri. Belu kunalibe. Kunali chiinjini basi, ndi Edith kuitana dzina langa kamodzi."

Mawu otsirizawo sindinawamasulire.

Wachiwiri anali ada Elias Manda, msodzi, amene m'mawa umenewo amapita kunyanja nkhafi ili paphewa. Mwana wawo anamangidwapo zaka zinayi m'mbuyomo pa nkhani za chitaganya, ndiye wapolisi samafuna n'kumuona komwe. Anapitiriza kusoka ukonde, akulankhula ndi ine ngati Kopolo palibe.

Anati anaona nyale ya apolisi, china n'chiyani. Kopolo anafunsa kukula kwa galimotoyo. Anati yaikulu. Anafunsa mtundu wake. Anati munthu wanzeru sayang'ana galimoto ya boma kumaso. Anafunsa ngati inali nthawi yoyamba kuiona m'mamawa chotero. Apa ada Manda anaima kusoka. Anati ayi, milungu itatu kapena inayi yadutsa Lolemba m'mawa, ndipo matabwa a mlatho amalira pansi pake ngati yadzaza miyala.

Kopolo ananena kuti ndiwauze lamulo lake mmene lilili. Nyale imeneyo siyatsidwa mwachisawawa, koma pokhapokha akuthamangira ngozi kapena wakuba. Akayatsa nyale, belu liyenera kulira limodzi. Ndipo ngakhale nyale iyake, belu lilire, pa chikwangwani galimoto iyenera kuima ngati ina iliyonse.

"Lamulo lawo limakhala m'buku," anatero ada Manda. "Ife timakhala pa mseu."

Tinapita pa mlatho. Mapazi a mateyala mvula inali itafufuta. Kopolo anayenda chogwada thabwa ndi thabwa, yunifolomu yonse matope. Anandionetsa nkhuku ziwiri zikujompha m'mipata ya matabwa, ndipo anatolamo mpunga wosapuntha pang'ono. Ndinamuuza kuti a njinga ochokera ku Limphasa amadutsa pomwepa ndi mpunga tsiku ndi tsiku. Anavomera. Kenako anatsikira pansi pa miyala, pamene chinangwa cha mkazi wanga chinali chikadali mbwee, chitayamba kununkha. Anatola tizidutswa ta galasi tinayi, topyapyala, ta buluu. Anatiyang'ana ku dzuwa, anatikulunga m'kansalu.

"Mwapeza nyale yanu," ndinatero.

"Yathu ndi yathunthu."

"Ndiye mwatola kuti mukataye."

Anangoti adzabweranso, n'kukwera njinga yake. Ine ndinapita kunyumba kukafuna chitsulo changa chozulira misomali.

*

Lachisanu kukucha ndinali pa mlatho. Ndikunena izi poyera tsopano, poti amene akanandimanga anapita onse.

Mlatho wathu unali wa mitanda yopingasa, ndipo pamwamba pake matabwa aatali mizere iwiri modutsa mateyala. Ndimadziwa msomali uliwonse. Ndinazula ya pakati, ndinasuntha mitanda iwiri kuti ingotsamira m'mphepete, n'kubwezera matabwa pamwamba bwinobwino. Munthu wapansi akanadutsa, wa njinganso akanadutsa. Koma galimoto yobwera pa liwiro ikanapita pansi pa miyala pomwe anagwera NyaLongwe. Misomali ndinaiika m'thumba, ndinakhala m'bango kudikira.

Dzuwa litangotuluka ndinamva belu kumpoto. Ngelengele, ngelengele, osalekeza. Kenako nyale ya buluu, yowala zedi, yosagwedera. Galimoto imathamanga kuposa masiku onse, matope akuuluka. Mtima wanga unali zii, ngati si wanga.

Itafika pa chikwangwani inaima.

Ndinamva dalaivala akudandaula kuti akuchedwa, munthu awathawa. Ndinamva mawu a Kopolo akuti ayende pang'onopang'ono. Teyala lakutsogolo litangoponda thabwa loyamba, mutu wa thabwalo kutsogolo unadzuka m'mwamba ngati ng'ona. Isaac anaponda buleki, anabwerera m'mbuyo.

Kopolo anatsika. Anagwada, analowetsa chala m'bowo la msomali, anaona kuti mtengo m'katimo ndi woyera, wozula lero lomwe. Anaimirira n'kuyang'ana m'bango molunjika pamene ndinali.

Ndiye chitseko cha kumbuyo chinatseguka, munatsika munthu wachitatu, atavala bulauzi yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi. Anali ama NyaMhone.

Ndinatuluka m'bangomo chokwawa.

"Bambo Thole," anatero Kopolo, "misomali muli nayo?"

Ndinati ndili nayo.

"Khomani msanga. Amene anapha akazi anu ali kutsidyako, akuthawa. Nthawi imene mutenge pano ndi imene mukumupatsa."

*

Sindinakhomepo misomali ngati tsiku limenelo. Isaac ndi Kopolo amakankha mitanda, ine hamala, ndipo ama NyaMhone anaima pambali panga akundifotokozera zonse, osafunsa n'kamodzi komwe kuti mlathowo watani.

Anati dzulo lake, Lachinayi, Kopolo anabwera kutchalitchi pamene amayi a Umanyano amatuluka. Anawaonetsa tizidutswa tija n'kufunsa ngati alipo anaonapo galasi lotere. Ama NyaMhone anatenga kachidutswa kamodzi, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kupaka. Buluu yense anatsalira pa chala, galasi linayera mbee.

"Ndinawauza kuti a Kopolo, uyu ndi buluu wochapira, wosakaniza ndi phala la chinangwa. Ndi mmene timalimbitsira mabulauzi athuwa. Mayi aliyense pano akudziwa. Amuna inu mumangoona tayera Lamulungu, simudziwa kuti zimatheka bwanji."

Galasi la nyale ya apolisi ndi lokhuthala, buluu wake ndi wa m'kati, sungamuchotse. Ili linali galasi la nyale yopopa ya palafini, lopakidwa kunja. Ndipo phala likatentha limapserera, ndiye mwini wake amayenera kupaka latsopano ulendo uliwonse.

Pamenepo amayi onse anatembenuka kuyang'ana mayi mmodzi, Hellen, amene mwezi wonse amayenda nyumba ndi nyumba kupempha kabuluu, akuti wake akungotha osadziwa mmene akuthera. Hellen anakhala pansi n'kuyamba kulira. Mwamuna wake anali Fletcher Kamanga wa kumwera kwa Kande, amene anabwera kuchokera ku Halale ndi lole yakeyake. Amagula mpunga m'midzi, Lolemba lililonse n'kuthamangira nawo ku sitima ku Nkhata Bay. Amadandaula kuti amayi a madengu, a njinga ndi mbuzi amamuchedwetsa pa mseu. Hellen anaulula kuti chibwerereni Lolemba mwamunayo sakudya, ndipo wamanga katundu kuti Lachisanu m'mawa abwerere ku Halale.

Kopolo anali ndi njinga yokha. Ananyamula ama NyaMhone pa kaliyala mpaka ku boma, chifukwa amadziwa kuti bwana wake mzungu sangatulutse galimoto, imene inali itangokonzedwa kumene, pa nkhani ya buluu wochapira.

"Mzunguyo amangoti nonsensi, nonsensi. Ndinamugwira dzanja, ada Thole, ndinamupaka buluu pa chikhatho. Anakhala chete ngati mwana wobatizidwa."

Ndinakhoma msomali wotsiriza. Kopolo anayenda pa mlathowo akudumphadumpha, kenako anati ndikwere.

*

Nyale inayaka, belu limalira, anthu amapatuka. Koma pakati pa mudzi wathu ndi mtsinje waukulu wa kumwera panali milatho ina itatu, uliwonse ndi chikwangwani chake. Pa uliwonse Kopolo amati imani. Pa sukulu ina ana amawoloka mseu, anatinso imani, mpaka kamwana kotsiriza katadutsa.

Ine amene ndinachedwetsa ulendowo ndine ndinayamba kupempha. Ndinati a Kopolo, pa mlathowu palibe munthu, ndikuona ndi maso anga, tiyeni tingodutsa. Isaac anati ndi zimene amanena iye masiku onse, koma bwana wakeyu anabadwira pa chikwangwani.

"Nayenso Kamanga amaona kuti palibe munthu," anatero Kopolo. "Nyaleyi imangopempha anthu kuti atipatse njira. Ima, Isaac."

Kwa Kamanga tinapeza pabwalo pali mapazi a lole okhaokha, atsopano. Tinapitirira. Ine ndimawerenga m'mutu nthawi imene ndinataya pa mlatho wanga, ndikudziwa kuti akawoloka mtsinje waukulu, wapita, ndipo wamuthawitsa ndine.

Titatulukira pa doko, pantoni yowolotsa magalimoto inali itayamba kale kusuntha, lole ili pamwamba. Pakati pa pantoni ndi mtunda panali madzi otalika ngati bwato limodzi. Koma anthu okoka chingwe anali atamva belu kuchokera kutali. Wamkulu wawo anakweza dzanja, onse anasiya kukoka, anayang'ana nyale, anayang'anizana, n'kuyamba kukokera m'mbuyo.

Fletcher Kamanga anatsika m'lolemo atavala jekete ndi chipewa cha ku tauni, akumwetulira.

"Gudumoningi, Kopolo. Vuto n'chiyani? Mapepala anga onse ali olaiti."

Anati Lolemba sanadutse kwathu. Anati anagona ku Limphasa Lamulungu, akhoza kutchula anthu khumi omuona. Kopolo anangomvetsera, akuzungulira lole. Pa chitsulo cha pamwamba pa denga anapeza waya wopota, wotsalira. Kuseri kwa mpando anatulutsa nyale yopopa yopanda galasi.

Kamanga anaseka, anati msodzi aliyense m'mbali mwa nyanja muno ali ndi nyale yotere, ndipo galasi kusweka si mlandu.

Ama NyaMhone sanadikire kuitanidwa. Ananyowetsa chala, anachiyendetsa m'mphepete mwa chitsulo mokhala galasi, anachikweza m'mwamba kuti aone onse a pa doko. Chinali cha buluu. Kopolo anamasula kansalu kake, anatenga kachidutswa kamodzi kopindika, anakaika m'malo mwake. Kanalowa ndendende.

Kamanga anavula chipewa. Anayang'ana ine, ndikuganiza kuti ndi pamene anadziwa kuti ndine ndani.

"Ada, ine sindimafuna. Aliyense akaona buluu amathawa. Iwo sanathawe."

Ndinamuuza kuti pa mlatho palibe kothawira, ndipo munthu wosenza dengu la chinangwa chonyowa satembenuka msanga. Ndinamuuza kuti mkazi wanga amadziwa kuti galimoto iima pa chikwangwani. Ndinafuna kunena zambiri, koma kulira kumene kunakana kumanda kunabwera pa doko pamenepo, pamaso pa anthu achilendo. Ama NyaMhone anandigwira mkono ngati mlongo wanga.

Kopolo anamuveka Kamanga unyolo. Mlandu wake unakazengedwa, anakagwira ukaidi, ndipo ada Manda anayenda wapansi mpaka ku boma kukaperekera umboni, osatumidwa ndi munthu.

Koma tsiku lomwelo pobwerera, titafika pa mlatho wathu, galimoto inaima pa chikwangwani, ndipo Kopolo anati nditsike naye. Tinayenda mpaka pakati. Anati tsopano watsala mlandu wachiwiri, wa munthu amene anafuna kupha anthu atatu m'mawa uno.

Ndinatambasula manja onse awiri.

Anati unyolo anabwera nawo umodzi, ndipo uli ndi mwini wake kale. Anati Isaac waona thabwa lomasuka basi, ndipo ama NyaMhone anena okha kuti maso awo anali ndi matope. Koma anati mlandu sungathe chabe.

"Lachisanu lililonse, ndisanadutse, mudziyenda pa mlathowu ndi hamala yanu, thabwa ndi thabwa. Ndikadzapeza msomali umodzi womasuka, ndidzabwera ndi unyolo wachiwiri."

Ndinati yewo, ada.

Kopolo Dzimbiri anasamutsidwa patapita zaka ziwiri, sindinamuonenso. Ine mlathowo ndinauyendera Lachisanu lililonse zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka anabwera kudzaugwetsa kuti amange wa simenti.